Mphika Wosawotcha wa Herlinda

Mata Ortiz, 2 Malichi 1999

Mwana wanga Chela,

Ndikhulupirira uli bwino, iwe ndi amuna ako a Rigoberto. Kuno tadzuka. Mphepo ya Malichi yayamba, fumbi lili m'mano, ndipo m'mudzi muno palibe amene akuwotcha miphika mpaka italeka.

Ndalama unatumiza zija zinafika, zikomo. Tagula mtanda wachitsulo wa pamanda pa amayi ako, tapaka utoto woyera.

Usadzizunze kuti sunabwere kumaliro. Aliyense akudziwa kuti ukanawoloka malire mapepala ako okhalira kumeneko asanatuluke, sukanabwereranso kwa amuna ako. Amene akulankhula ndi omwe aja amalankhula kale.

Wafunsa chifukwa chake sindikuimbira. Lamya ikadali imodzi yomwe ija ya pa sitolo, ndipo munthu ukayamba kulankhula, ogula shuga onse amaiwala chimene abwerera. Ndizilemba.

Tsopano pempho langa. Unditumizire tsitsi lako. Lisachuluke, likhale ngati chala chaching'ono, kutalika kwake kuposa chikhatho, lodula cha kunkhongo. Chingwe cha tsitsi chimene unasiyira amayi ako pochoka chinatha chaka chatha, ndipo burashi yojambulira miphika yomaliza imene tinapanga nalo yathothoka. Pali ntchito ina yoti ndimalize.

Kudya ndimadya. Amayi ako aakulu a Socorro amabwera Lamlungu lililonse kuchokera ku Nuevo Casas Grandes ndi nyemba zophika ndiponso nkhani zokwana sabata yonse.

Ndine bambo ako,
Fidencio


Phoenix, 21 Malichi 1999

Bambo,

Tili bwino. Rigo akadafolera nyumba za anthu, ine ndikadachapa nsalu za ku hotela.

Kalata yanu ndinaiwerenga mpaka kuitembenuza, kuyesa kuti mwina kumbuyo mwalembako za amayi: ananena chiyani pomaliza, anandifunsa kapena ayi. Ndapezamo mtanda, nyemba ndi tsitsi.

Tsitsi, Bambo! Miyezi iwiri yokha chimwalirireni amayi, inu muli kale pa maburashi. Kodi ine ndinabadwira kukhala munda wanu wa tsitsi? Kuyambira ndili kamwana, amayi akangoti, "Chela, tabwera kuno," ndinkadziwa kuti lumo lili m'thumba la epuloni. Kusukulu anzanga ankati mbuzi yandidya kunkhongo. Ana a anthu ankapesedwa kuti akongole, ine ndinkapesedwa kuti chigamba chibisike. Pochoka ndinakusiyirani chingwe chathunthu kuti nkhaniyi ithe.

Ndipo burashiyo ndi ya yani? Inu simujambula. Zaka zonsezi inu kwanu kunali kuumba, kukulungiza ndi kuwotcha, kujambula kunali kwa amayi. Kapena pali wina wakhala kale pa mpando wawo? Ngati alipo ndimve kwa inu, osati kwa anthu.

Tsitsi langa ndinalidaya, panopa ndi lofiira. M'phukusimu muli maburashi a m'sitolo ya ojambula, odula, a ubweya wa kanyama kena. Wogulitsa wati ang'onoang'onowo amalemba mzere wowonda kuposa tsitsi. Mulinso masokosi.

Mwana wanu,
Graciela


Mata Ortiz, 6 Epulo 1999

Chela,

Wasaina kuti Graciela, ndiye ndadziwa kuti wakwiya.

Masokosi afika, ndavala. Maburashi afikanso. Ndinayesa imodzi pa phale. Imamwa utoto ngati bulu wa ludzu, n'kuulavula wonse pamalo amodzi. Ndi yaifupi. Iwe mwini ukudziwa kuti mzere wa kuno sulembedwa ndi nsonga. Tsitsi lalitali limagonekedwa pa mimba ya mphika n'kukokedwa. Wogulitsa wa ku Phoenix ndamukhululukira. Koma iwe unakulira pansi pa tebulo limene amayi ako ankajambulirapo. Maburashiwo ndapereka kusukulu.

Pa mpando wa amayi ako pamakhala mphaka. Funso limenelo sindidzaliyankhanso.

Popeza ukufuna zonse zilembedwe, ndilemba. Mu Novembala ndinaumba mphika waukulu wa dongo loyera, lija timakumba kuseri kwa phiri. Amayi ako anayamba kuujambula zinkhwe, potengera phale la anthu akale a ku Paquimé limene tinatola m'munda chaka chimene unabadwa. Anati mphikawo ndi wako, adzakupatsa mapepala ako akadzatuluka. Anamaliza mbali imodzi. Dzanja litayamba kunjenjemera anautembenuza, mbali yopanda kanthu n'kuyang'ana kukhoma, nati adzapitiriza akachira. Uli pomwepo pa shelefu.

Sunawotchedwe. Ukuwala chifukwa ndinaukulungiza ndi mwala, koma ukadali dothi, ndipo dontho la madzi likhoza kuuboola. Mphepo ikaleka ndiyenera kuuwotcha mvula ya Julayi isanafike. Ndowe za ng'ombe zowotchera miphika zikanyowa ndiye kuti tadikira miyezi, ndipo nyumba ino imadontha paliponse.

Mizere ya mbali imene anamalizayo inakokedwa ndi tsitsi lako. La adzukulu a Socorro ndi lopotana, la ana a oyandikana nafe ndi lokhuthala, mzere ungasiyane. Ndakhala ndikuphunzira pa mapale. Sindikhoza, koma ndikuyesa.

Unafunsa ngati anakufunsa. Anakufunsa. Anati ndisakuuze kuti matenda akula, ungawoloke.

Kalata ino ndikaiponya ku positi. Wa minibasi ya ku Phoenix ndi msuweni wa Socorro, ndipo zimene wanyamula m'mawa, pofika madzulo tauni yonse imakhala itazidziwa.

Bambo ako,
Fidencio


Nuevo Casas Grandes, 11 Epulo 1999

Chela, mwana wa mng'ono wanga,

Moni mwanawe, ndikukupsompsona masaya onse awiri. Ine maondo akadatupa, shuga wakwera, dokotala wandiletsa zonse zokoma, koma za ine tisiye. Ndikulemba chothamanga kuti wa minibasi anyamule mawa.

Bambo ako, mwanawe, bambo ako! Ukawafunsa, "Alamu, mwadya?" amati, "Ee." "Mwadya chiyani?" "Chakudya." Nyemba ndimazipeza mmene ndinazisiyira, zitamera ndevu. Mng'ono wanga Herlinda anapirira zambiri, Mulungu amupumitse. Ine ndinachita mwayi kukwatiwa ndi wa njanji ndili mtsikana n'kuchoka m'matope amenewo.

Lero pofika ndapeza pakhomo galimoto ya mzungu wa ku Tucson uja wogula miphika, wa chipewa chachikulu, amene amati "bwenzi, bwenzi" kwa aliyense ngakhale kwa agalu. Ndalowa, ndawapeza ataima pa shelefu, akuyang'ana mphika waukulu woyera wa zinkhwe, womaliza wa mayi ako. Ukuwala, mwanawe, ngati wapakidwa mafuta. Mzungu maso ali tong'o.

"Fidencio bwenzi, tchula mtengo."

Bambo ako anangoyang'ana mphikawo, mzungu n'kuwonjeza:

"Wa munthu womwalira umakwera mtengo, ukudziwa."

Ine ndinalowerera. Ndinati, "Inu achipewa, mwabwera kudzagula kapena kudzafukula maliro?" Anaseka ngati ndanena nthabwala. Ndipo bambo ako, m'malo momutulutsa, anati, "Mudzabwere mu Julayi." Ndamva ndi makutu angawa. Mu Julayi!

Mzungu atapita ndinawafunsa, "Alamu, mugulitsadi?" Anangoti, "Socorro, nyemba zako zikupserera."

Ndiye ngati ukufuna kukhala ndi kanthu ka mayi ako, chita changu. Kiyi wa nyumbayo ndili naye. Amene umutumeyo andibweretsere mafuta opaka m'maondo aja a m'botolo lobiriwira, osati a m'chubu, a m'chubu sagwira.

Mayi ako wamkulu amene amakukonda,
Socorro


Phoenix, 23 Epulo 1999

Bambo,

Mwezi watha, yankho palibe. Koma za Julayi ndamva.

Maliro sindinawaone, manda sindinawaone, ndiye mphika womaliza wa amayi ukakhale m'nyumba ya mlendo ku Tucson? Ayi. Rigo mapepala ali nawo, akunyamuka mawa m'mamawa, ndipo kalata ino akupatsani pamanja. Mumupatse mphikawo. Ngati vuto ndi ndalama, nenani, pakamwa muli napo.

Graciela


Mata Ortiz, 26 Epulo 1999

Chela,

Ndili bwino. Za moyo wa amuna ako sindifunsa, ndaona mapazi awo m'nyumba muno ndipo akuoneka kuti ali ndi mphamvu.

Loweruka ndinapita ku famu ya ng'ombe kukatola ndowe zouma, poti mphepo yayamba kuchepa. Pobwera ndinapeza pa shelefu pali malo ozungulira opanda fumbi, pa tebulo kalata yako, ndipo Socorro akutsuka mbale. Ndinamufunsa.

Anati, "Alamu, ine ndinali ku chitofu ndikuphika buledi wa tortilla, mkamwini walongedza yekha. Munthu waulemu, wadya mbale ziwiri."

Ndinati, "Socorro, mphika uja ngwosawotcha."

Anakhala pansi. Kenaka anati, "Nanga bwanji umawala?" Munthu wobadwira m'mudzi muno.

Mzungu ndinamuuza Julayi chifukwa mu Julayi mtsinje umadzaza ndipo galimoto yake siwoloka. Iye anamva chimene ndimatanthauza, anachoka nkhope itagwa. Amene sanamve ndi Socorro yekha.

Ngati chimene chafika kumeneko ndi mphika, osati thumba la dothi, mvera. Usaugwire kukamwa. Uzinyamula ndi manja awiri cha pansi, manja ouma, opanda mafuta. Usaupukute. Usaikemo maluwa. Madzi asauyandikire. Amuna ako asauyandikire.

Ndinakulembera zonse pa 6 Epulo. Kaya kalatayo ili kuti. Ino ndapereka kwa wa minibasi, awerenge amene akufuna.

Bambo ako,
Fidencio


Phoenix, 1 Meyi 1999

Bambo okondedwa,

Mphika uli moyo. Ndayamba ndi zimenezo kuti mupume.

Rigo anaukulunga m'matewera a ana n'kuuika m'bokosi losungira zakumwa, pamwamba n'kusanjikapo tchizi. Anafika ine ndili ku ntchito. Pobwera, ndikutsegula chitseko, ndinamva madzi akutuluka pa mpopi, iye akuimba. Ndinamupeza mphika uli m'khwapa, siponji ili m'manja.

"Rigo, ukutani?"

"Ndikuutsuka, mkazi wanga, wadzaza fumbi la kwanu. Ndagulanso maluwa."

Pamenepo ndinaona mbali yoyera ija, yopanda mzere ndi umodzi womwe, ndipo ndinadziwa kuti mphikawo sunawotchedwe. Sindikukumbuka kuti ndinakuwa chiyani, koma oyandikana nafe anagogoda khoma.

"Usagwedezeke! Tseka mpopi! Ayi, osati ndi dzanja limenelo! Usausiye!"

"Nanga nditseke ndi mphuno?"

Ndinaulanda. Iye akuti, "Ine ndimayesa mbali inayo anaisiya dala, kuti ndi fasho." Munthu wa ku gombe la Sinaloa, kwawo chilichonse chowala amachiviika m'madzi. Dontho limodzi linagwera cha m'munsi, lasiya kachipsera ngati kanjere ka nyemba. Kwina konse kuli bwino.

Kalata yanu ya pa 6 Epulo yafika Lachinayi, tsiku limodzi ndi ya wa minibasi. Ndawerenga zonse ziwiri. Za mpando wa amayi, pepani, ndinalakwa. Za zimene amayi ananena sinditha kulemba lero.

Koma inunso, Bambo, kodi mawu mumagula pa sitolo? Mukanalemba m'kalata yoyamba ija kuti "mphika ndi wako, ngwosawotcha, ndikufuna kuumaliza." Mzere umodzi! Inu munalemba za nyemba.

Ndauika pamwamba pa kabati, pamene Rigo safikira popanda mpando, ndipo mpando ndabisa. Ndimauyang'ana ndikaweruka. Chinkhwe chomaliza chili ndi mutu ndi phiko limodzi. Mzere wa mchira unathera panjira, ndipo pothera pake wakhota pang'ono. Amayi sankakhotetsa mzere.

Tsopano nditani? Kuno kulibe ndowe, ndipo mwini nyumba salola ngakhale kuwotcha nyama pakhonde. Ndamuuza Rigo kuti aubweze, akuti apongozi akamuwotchera pamodzi ndi mphikawo. Tsitsi nditumiza. Cha m'kati, kunkhongo, kuli lakuda limene mankhwala sanalifikire.

Mwana wanu,
Chela


Mata Ortiz, 9 Meyi 1999

Mwana wanga,

Zikomo pondiuza msanga. Tsiku limenelo ndinadya.

Tsitsi usatumize. Wa minibasi akupatsa kabokosi. Muli kabotolo ka utoto wakuda ndi kena ka wofiira, umene amayi ako anapera okha. Wauma, uthiremo madzi pang'ono. Muli kamtengo ka burashi yawo, ulusi, phale la anthu akale lija, ndi mapale ena oyera ophunzirirapo.

Dzulo ndinayala pa tebulo mapale onse amene ndakhala ndikuyesapo. Zinkhwe zanga zili ngati nkhuku zonyowa. Socorro anatola limodzi n'kufunsa ngati ndajambula nsapato. Mphika uja ndikanauwononga. Mwina amuna ako anaupulumutsa poutenga. Usawauze.

Uli mtsikana amayi ako ankakusiyira michira ya zinkhwe chifukwa dzanja lako linali lopepuka. Apanso akusiyira mchira. Malizitsa.

Tsitsi likhale lochepa, loti lilowe pa diso la singano yaikulu. Umange ndi ulusi, unyowetse ndi malovu, ukoke osapuma mpaka mzere utatha. Mphikawo ufike kuno Juni asanathe.

Bambo ako,
Fidencio


Phoenix, 19 Meyi 1999

Bambo,

Kabokosi kafika. Simunandifunse n'komwe ngati ndikufuna. Mwangoti "malizitsa," ngati mukunena za phala la mwana.

Zaka zisanu ndi zinayi sindinagwire burashi. Manja anga ang'ambika ndi sopo wa ku hotela, ndimafika kunyumba zala zili gwa. Ndikaulakwitsa? Mzere wolakwika sufufutika pa dongo loyera, mukudziwa. Inu mwaopa kuuwononga ndiye mwati auwononge ndi Chela, kuti moyo wanga wonse ndizidzati maliro a amayi sindinapite ndipo mphika wawo ndinauipitsa.

Kabotolo ka utoto wakuda kali ndi chidindo cha chala chawo pa chivindikiro. Ndakabwezera m'bokosi.

Sindikulonjeza kanthu.

Chela


Mata Ortiz, 9 Juni 1999

Chela,

Ndili bwino. Mphepo inaleka, oyandikana nafe onse akuwotcha. Masana mitambo yayamba kuunjikana kumapiri.

Sindikukukakamiza. Ndikungonena za mitambo.

Bambo ako,
Fidencio


Phoenix, 18 Juni 1999

Bambo,

Mitambo yanu ndamva.

Tsitsi anandidula Rigo, ndi lumo la kukhitchini, mosamala ngati akuchita opaleshoni.

"Apa?"

"M'munsi pang'ono."

"Pakhala chigamba, Chela."

"Ndikudziwa. Ndinakula nacho."

Mapale anu ndinawamaliza onse. Kenaka ndinayamba kuphunzirira pa mbale za m'nyumba, mwakuti Rigo wadya sabata yathunthu pa mapepala. Tsiku loyamba kukhudza mphikawo ndinamutumiza kwa mnzake kuti asapume pafupi nane.

Mchira wa amayi sindinauwongole. Ndinayambira pomwe unakhotera n'kupitiriza. Mbali yanga mizere ndi yokhuthala pang'ono ndipo zinkhwe zanga zanenepa ngati zakulira kuno. Ndikudziwa. Musanene kanthu. Pansi sindinalembepo dzina, sindikudziwa loti ndilembe.

Ulendo uno mphika wakhala pa mpando wakutsogolo, m'bulangeti, womangidwa lamba. Rigo walumbira kuti sathamanga ndipo saimba. Musamukalipire, wakhala akuopa sabata yonse. Ndipo mumulole aone nawo powotcha kuti adzandifotokozere, poti inu mudzalemba mizere iwiri ndi nyemba.

Ukasweka m'moto mundiuze zoona.

Mwana wanu,
Chela


Mata Ortiz, 21 Juni 1999

Mwana wanga Chela,

Wati ndidzalemba mizere iwiri. Ndiyesa kupitirirapo.

Amuna ako anafika Loweruka dzuwa litapendeka. Msewu wa miyala uja anauyenda pang'onopang'ono mwakuti munthu wa pa hatchi anawapitirira n'kudzandiuza kuti akubwera. Pondipatsa bulangetilo anati, "Apongozi, sindinaupumire n'komwe." Ndinawapatsa mpando.

Lamlungu m'mawa kunali bata. Mphika ndinauika padzuwa, kenaka mu uvuni wa chitofu kuti uyambe kumva kutentha. Usanalowemo ndinautembenuza n'kulemba pansi ndi msomali: Herlinda ndi Graciela. Kachipsera ka dontho kaja ndakasiya. Limenelo ndi dzina la amuna ako.

Tinaukhazika pa njerwa pabwalo, n'kuuvundikira ndi chidebe chachitsulo, n'kuunjika ndowe kuzungulira mpaka pamwamba. Amuna ako ananyamula ndowezo atavala magolovesi, nkhope ili kumbali.

"Apongozi, chinthu chokongola chonchi, m'zonyansa za ng'ombe?"

"Mumafuna tiuike mu filiji?"

Socorro anabwera ndi korona wake wopempherera n'kuyamba kupemphera mofuula. Ndinamupempha kuti apemphere chamumtima, chifukwa mphika ukamasweka m'moto umamveka, kaphokoso kamodzi kokha, ngati kamtengo kouma kakathyoka. Anati, "Alamu, ngakhale Mulungu mukufuna kuti azichita kulota zimene munthu akufuna, ngati mmene mumachitira ndi mwana wanu?" Koma anatsitsa mawu.

Moto unayaka bwino, wopanda wougwedeza. Utafika pamwamba kunamveka "the!" Amuna ako anagwira mutu ndi magolovesi omwewo. Socorro anagwetsa korona. Ndinawauza kuti ndi chidebe chikufutukuka. Sindinali wotsimikiza.

Tinadikira mpaka phulusa litayera ndipo chidebe chitazirala. Ndinachikweza ndi waya.

Mphika ngwathunthu, Chela. Woyera ngati dzira, wakuda wagwira, wofiira wagwira. Utazirala ndinaugogoda ndi chikhadabo ndipo unalira bwino, kulira kwautali. Amuna ako anandikumbatira osapempha. Socorro anauzungulira, n'kuuzunguliranso, akufunsa kuti, "Pamene anathera Herlinda ndi pati?" Sanapapeze. Ine ndikupadziwa. Zinkhwe zako zanenepa, n'zoona, koma michira ndi ya mayi ako. Ndinalowa m'nyumba kwa kanthawi.

Mphikawo sukubwera ndi amuna ako. Msewu uja waudutsa kawiri pa mwayi, ndipo mwayi suyesedwa katatu. Amayi ako anati udzaulandira mapepala akadzatuluka, ndiye udzautenga wekha, ndi manja ako, titachokera kumanda. Ndaubwezera pa shelefu, mchira wokhota uja wayang'ana kukhomo. Kiyi ndamulanda Socorro. Kamtengo ka burashi ndi phale lija usunge.

M'bokosi limene anyamula amuna ako muli miphika iwiri yaing'ono, yokulungiza, yopanda mzere. Chiyambireni Januwale ndaumba ingapo, manja sadziwa kuti wojambula kulibe. Imeneyi ikasweka ndiumba ina. Sindikukukakamiza. Utoto wofiira ukatha unene.

Madontho oyamba ayamba kugwa ndikulemba. Ndiwadzutse amuna ako anyamuke mtsinje usanadzaze.

Uwauze asaitsuke.

Ndine bambo ako,
Fidencio